Kodi Mwana Apite ku Chihema cha Circus?

Alipo alendo ena amene safika m'tauni mwakachetechete. Amabwera ndi mdipiti wa malole, naima pa bwalo la mpira kapena pa malo a chionetsero, ndipo dzuŵa lisanaloŵe chihema chachikulu chimakhala chitaimikidwa kale, mbendera zili petupetu pamwamba pake. Aŵa ndi anthu a maseŵera amene Azungu amaŵatcha circus. Mbiri yawo imafika kwa ana msanga kuposa kwa akulu, kotero kuti kholo likamaŵeruka ku ntchito limapeza mlandu utagamulidwa kale pakhomo: ana onse amvana kuti apita, chatsala n'chakuti bambo kapena mayi apise m'thumba. Kodi kholo lanzeru livomere? Yankho n'lakuti inde, mwana apite, koma asapite ku chihema chilichonse.

Maseŵera ameneŵa si a dzulo. Adayamba ku London m'chaka cha 1768, pamene Philip Astley, msilikali wa pa kavalo amene adali atapuma usilikali, adayamba kuonetsa anthu luso lake lokwera kavalo. Iye adazindikira kuti kavalo akamathamanga mozungulira, munthu amatha kuimirira pa msana pake osagwa, ndipo n'chifukwa chake bwalo la circus limakhala lozungulira kufikira lero, mlifupi mwake pafupifupi mamita 13. Pambuyo pake padabwera oyenda pa chingwe, oponya ndi kuwakha zinthu, a nthabwala, kenaka zilombo za m'tchire. Kumwera kwa Africa dzina lomveka lidali la Boswell Wilkie, limene lidabadwa mu 1963 pamene magulu aŵiri adaphatikizana. Gululi linkayendera matauni a South Africa mpaka ku Rhodesia, ndipo lidasiya maulendo ake mu 2001.

Chabwino chimene mwana amachipeza m'chihema n'chosoŵa masiku ano. Ana a makono azoloŵera zodabwitsa za pa kanema ndi pa foni, kumene munthu amauluka ngati mbalame, nagwa pa phiri nadzuka osapweteka, ndipo ngakhale mwana wa zaka zisanu amadziŵa mu mtima mwake kuti zonsezo n'zopeka. M'chihema mulibe chinyengo chotere. Mtsikana amene akuyenda pa chingwe m'malere ndi munthu weniweni, thukuta lake likuoneka, ndipo chingwe chikagwedezeka khamu lonse limagwira mpweya pamodzi naye. Mnyamata woponya mipira isanu akaphonya umodzi amautola nayambiranso, anthu namuombera m'manja koposa poyamba. Pamenepo mwana waona ndi maso ake kuti luso limabwera ndi kubwerezabwereza, ndi kuti kulakwa pa gulu si imfa. Aphunzitsi amavutika zaka zambiri kuti aloŵetse phunziro limeneli m'mitu ya ana. Circus imaliphunzitsa madzulo amodzi okha. Ndipo kholo lisadabwe likapeza ana ake m'maŵa mwake akuponya mandimu atatu kuseri kwa nyumba.

Komabe si mwana aliyense amene wafika pa msinkhu wake. Wa zaka ziŵiri sasiyanitsa nthabwala ndi zoopsa. Nkhope yopakidwa zoyera ya munthu wa nthabwala, imene imaseketsa akulu, kwa iye ndi chilombo. Ng'oma ndi zokuzira mawu zimamugonthetsa m'khutu, ndipo maola aŵiri pa benchi ndi chilango. Khanda lotere lingotsala kunyumba, lidzapita likasinkhuka. Kwa okulirapo, kholo lichite chinthu chimodzi lisanakhale pansi: liyang'ane kumene kuli makomo otulukira, liŵaonetse anawo, ndipo lisankhe malo a pafupi nawo ngakhale akhale osaonekera bwino. Izi si mantha a chabe. Pa 17 December 1961 chihema chidapsa ku Niterói, m'dziko la Brazil, ndipo anthu oposa 500 adafa, ambiri mwa iwo ana. Ku Hartford, ku United States, pa 6 July 1944, moto udapha anthu osachepera 167 pa chionetsero cha masana, chifukwa nsalu ya chihema idapakidwa sera wosungunulidwa m'petulo kuti isadonthe mvula. Zihema za lero zimapangidwa ndi nsalu zosagwira moto msanga, koma khamu lochita mantha silidasinthe. Ndipo pa za ku Hartford pali mfundo imene siyenera kuiŵalika: ena mwa makomo adali otsekeka ndi timakwalala ta zitsulo todutsitsiramo mikango ndi akambuku poloŵa m'bwalo.

Apa mpamene pagona nkhani. Chihema chimene kholo liyenera kuchikana ndi chimene chimayenda ndi zilombo za m'tchire.

Njovu sikhala pa kampando mwa kufuna kwake. M'tchire imayenda mitunda italiitali pamodzi ndi banja lake, motsogozedwa ndi njovu yaikazi yaikulu. Mwana wake amakhala m'mimba miyezi 22, nakulira pakati pa amayi ndi azakhali ake zaka zambiri. Kuti nyama yotere iimirire ndi miyendo iŵiri ng'oma ikalira, imayamba yathyoledwa mtima ikali yaing'ono, ndi unyolo ndi ndodo ya ngowe ya chitsulo. Ndodo ija imaoneka ngati chokongoletsera m'manja mwa mphunzitsi, koma njovu imaidziŵa bwino ntchito yake. Mphindi zimene imakhala m'bwalo n'zoŵerengeka. Nthaŵi yotsalayo imatha ili yomangidwa kapena ili m'lole pa msewu. Kugwedeza mutu uku ndi uku kumene ana amati njovu ikuvina, akatswiri a za nyama amati ndi chizindikiro cha nyama imene yasautsidwa ndi ukaidi.

Nthaŵi zina mtima wothyoledwa uja umabwerera mwadzidzidzi. Pa 20 August 1994, mu mzinda wa Honolulu, njovu yaikazi yotchedwa Tyke, imene idagwidwa ku Mozambique ikali mwana, idapha mphunzitsi wake pamaso pa khamu la anthu, nithyola chipata nithaŵira m'misewu. Apolisi adaiwombera ndi zipolopolo zoposa 80 isanafe. Makolo amene adabwera ndi ana awo tsiku limenelo adalipira kuti aone njovu ikuseŵera. Palibe mpanda wa m'chihema umene ungaimitse nyama yolemera matani angapo ikaganiza zochoka.

Koma ngakhale pasachitike ngozi, mwana amatuluka ataphunzira kanthu. M'mera mpoyamba. Mkango umene m'nthano za agogo uli mfumu ya m'tchire, iye amauona koyamba ukukhala pa kampando poopa chikwapu, akuluakulu onse akuomba m'manja. Watolapo chiyani? Kuti champhamvu chikagonjetsedwa ndi mantha, imeneyo ndi nkhani yosangalatsa. Kholo limene limadzudzula mwana akamagenda galu wa mnansi lidzavutika kufotokoza chifukwa chake lidalipira ndalama kuti akaone zimenezi.

Ena amatsutsa, ndipo mawu awo sayenera kunyozedwa. Amati mwana wa m'tauni, makamaka wa m'banja losauka, sadzaona njovu kwina kulikonse, ndipo kuiona m'chihema n'kwabwino kuposa kusaiona konse. Amatinso alipo aphunzitsi a nyama amene amakonda nyama zawo ngati ana awo. Chachiŵirichi chikhoza kukhala choona, koma chikondi cha mphunzitsi sichikulitsa khola kapena kufupikitsa msewu. Choyambacho chili ndi mphamvu ku London kapena ku Paris. Pakamwa pa munthu wa kuno chimamveka chachilendo. Mikango idabwezeretsedwa ku Majete mu 2012 ndi ku Liwonde mu 2018, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwa kuchoka m'nkhalango ziŵirizi kupita ku Nkhotakota. Ulendo wokaona nyama si wotsika mtengo, n'zoona, koma sukulu ndi mipingo zikasonkherana zimautha. Mwana amene waona njovu ikumwa madzi mu mtsinje wa Shire waona njovu. Amene waiona itavekedwa chisoti waona mkaidi.

Malaŵi adalandirapo mmodzi mwa akaidi ameneŵa. Mu 2014 mkango wotchedwa Simba udafika ku Lilongwe Wildlife Centre kuchokera ku Ulaya, utakhala zaka zambiri m'ngolo ya munthu wophunzitsa nyama za circus ku France. Sukadatha kubwezedwa m'tchire, pakuti sudaphunzirepo kusaka. Chimene udapatsidwa ndi malo a mitengo ndi udzu oti upumulepo, basi.

Maiko ambiri aŵeruza kale nkhaniyi. Bolivia idaletsa nyama zonse m'maseŵeraŵa mu 2009, ndipo ku England lamulo loletsa zilombo za m'tchire m'magulu oyendayenda lidayamba kugwira ntchito mu January 2020. Gulu lalikulu la Ringling Bros. and Barnum & Bailey la ku America lidapumitsa njovu zake mu 2016, nilitseka mu 2017, ndipo ambiri adati circus yafa. Koma lidabwereranso mu 2023 lopanda nyama ndi imodzi yomwe. Kufupi kuno, Zip Zap ya ku Cape Town, imene idayamba mu 1992, imaphunzitsa ana luso limeneli kwaulere, ndipo Circus Zambia idayambitsidwa ndi achinyamata a ku Chibolya, mu Lusaka. M'mabwalo a magulu ameneŵa mwana amaona anzake a khungu ngati lake, ena a msinkhu wa akulu ake, akuchita zimene iye ankayesa zosatheka.

Kusiyanitsa zihema sikuvuta. Chithunzi chimene amamata pa mitengo ndi pa zipupa chimaulula zonse, pakuti gulu limene lili ndi mkango silibisa mkango wake. Pamene chithunzi sichinena, kholo lifunse kwa wogulitsa matikiti lisanatulutse ndalama, ndipo likabwerera limuuze chifukwa chake, popeza eni magulu amamva msanga chilankhulo cha mipando yopanda anthu. Chovuta chili kunyumba. Mwana adzalira, makamaka anzake a m'kalasi akapita iye natsala, ndipo mawu akuti palibe ndalama adzaoneka ofupika kuposa kufotokoza. Kholo lisathaŵire ku bodza limenelo. Mwana wa zaka zisanu amene adatsekeredwapo m'nyumba tsiku la mvula, anzake akuseŵera pa khonde la mnansi, akhoza kumva bwino lomwe akauzidwa kuti mkango uja umakhala m'bokosi la zitsulo tsiku ndi tsiku, ndipo chitseko chake chimatsegulidwa pokhapokha ng'oma ikalira.