Galasi loyamba la mtsikana ndi pakamwa pa amayi ake

"Iwe ndiye wakuda ngati mphika, unatengera ndani?" "Taona chimimbacho, uzidya pang'ono." "Timiyendo ngati bango, adzakukwatira ndani?" Mawu awa sachokera kwa adani ayi. Amamveka pakhonde, kukhitchini, pachinkhoswe, ndipo owayankhula amakhala amayi, azakhali kapena agogo, uku akuseka. Mukawafunsa amati n'zocheza chabe. Koma mwana wa zaka 9 sadziwa zoti n'zocheza. Amangosunga mumtima, ndiye akafika zaka 16 amakadzifunira yekha mankhwala kumsika.

Mankhwalawo tonse tikuwadziwa. Mafuta oyeretsa khungu ali mbwee m'misika yathu, ena alibe n'kapepala komwe kofotokoza zimene zilimo. Ena amakhala ndi steroid, amene amachititsa khungu kupyapyala moti kabala kakang'ono kamachedwa kupola. Ena ali ndi hydroquinone, amene ukadzola nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda bii m'masaya, zovuta kuchotsa. Enanso ali ndi mercury, amene amawononga impso ndi mitsempha, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amatha kupatsira mwana wake. N'chifukwa chake South Africa inaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990, ndipo Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa mu 2015. Malamulo otere ndi ofunika, koma safufuta mawu amene anatumiza mtsikana uja kumsika.

Komanso amayi anzathu, muyeso wa kukongolawu sukhala malo amodzi. M'zaka za m'ma 1990, Edzi itafika povuta, mkazi akangoonda ankamunong'ona kuti ali ndi kaliwondewonde, ndipo wonenepa ndiye ankati zikumuyendera. Lero pa TikTok ndi Instagram akufuna kachiuno kakang'ono ndi mbina yaikulu pathupi limodzi, zithunzi zake zochita kukonza pafoni. Mawa adzafuna zina. Ndiye mwana wathu azithamangitsa ziti?

Za anthu ena kulamula thupi la mkazi si zachilendo m'dziko muno. Lamulo la 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi kwa zaka pafupifupi 20. Mu Januwale 2012 mavenda ena anavula akazi mumsewu ku Lilongwe ndi ku Blantyre chifukwa cha zovala, ndipo amayi anasonkhana ku Blantyre kukana mchitidwewo. Ngati wam'msewu tinamukaniza kuweruza thupi la mkazi, bwanji tikulola chiweruzo chomwecho pakhomo, kwa mwana amene sangayankhe n'komwe?

Chinanso, mwana samangomva zimene mukunena za iye. Amamvanso zimene mukudzinena nokha. Mayi akaima pagalasi n'kumati "ndatha ine, anawa anandiwonongera thupi", kamtsikana kali pambalipo kamaphunzira zinthu ziwiri: kuti thupi la mkazi ndi lochita nalo manyazi, komanso kuti wolakwa ndi iyeyo. Chonsecho chiberekero chokha chimatenga pafupifupi masabata 6 kuti chibwerere m'malo mwake mayi akachira, ndipo mikwingwirima ya pamimba imangozilala, siitheratu. Mabere nawo amasintha makamaka chifukwa cha pakati ndi msinkhu, choncho kumuchotsa mwana kubere msanga poopa kuti agwa n'kumumana chakudya pachabe. Inunso abambo amene mumauza akazi anu pamaso pa ana kuti anasuluka, dziwani kuti mwana wanu wamkazi akumva, ndipo wamwamunayo akuphunzira.

Sitikunena kuti za thanzi tizisiye ayi. Ngati thupi la mwana likukudetsani nkhawa, pitani naye kuchipatala mukakambe za magazi, za shuga, za kadyedwe. Koma osamuopseza ndi banja, ngati kuti thupi lake ndi katundu wodikira wogula.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Pempho lathu ndi laling'ono: mwana asamve dzina lachipongwe la khungu lake kapena thupi lake kuchokera pakamwa panu, ndipo mlendo akayamba zimenezo pakhomo panu, muletseni pomwepo mwanayo akumva. Muyamikireni pa masamu amene wakhoza, pa liwiro lake, pa kulimba mtima kwake. Ndipo akakufunsani za mikwingwirima ya pamimba panuyo, muuzeni zoona mosachita manyazi kuti m'menemo ndi mmene anakhala miyezi 9.