Mwana akasintha, tisathamangire kunena kuti ndi ulesi

Zaka zingapo zapitazo ndinali ndi mnyamata wina mu Fomu 3 yemwe Bayoloje ankaimwa ngati madzi. Teremu yachiwiri anangosintha: kusinza m'kalasi, osalemba ntchito, osachezanso ndi anzake. Ine ndinkati ndi ulesi, moti kawiri konse ndinamupatsa chibalo chotchetcha udzu. Patapita miyezi, mayi ake anabwera kudzandiuza kuti kuchipatala amupeza ndi matenda a maganizo, aja pachingerezi amati depression. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Chandikumbutsa nkhaniyi ndi zimene ndakhala ndikuwerenga za ubongo. Pali makina otchedwa fMRI, omwe amaonetsa mbali za ubongo zimene zikugwira ntchito potsata kayendedwe ka magazi onyamula okosijeni. Mu 2001, Marcus Raichle wa ku America anafotokoza za gulu la mbali za ubongo zomwe zimatakataka munthu akangokhala phee, akamaganiza za iye mwini, zakale ndi zam'tsogolo. Mu 2007, Michael Greicius ndi anzake ku Stanford anapeza kuti mwa odwala depression, kachigawo kena kokhudzana ndi chisoni, kotchedwa subgenual cingulate, kamalumikizana ndi gulu limeneli mopyola muyeso. Akatswiri ambiri amati mwina n'chifukwa chake wodwalayo amangobwereza maganizo owawa, ngati kaseti yokana kuzima. Kwathu kuno timangoti "akuganiza kwambiri", n'kumusiya. Kodi zoterezi n'kutha ndi chibalo?

Komabe tisatengeke ndi zithunzi zokongolazi. Zimaonetsa kusiyana pakati pa gulu la odwala ndi gulu la anthu abwinobwino, osati kuloza munthu mmodzi kuti uyu akudwala. Ngakhale ku America komweko, dokotala amadziwa matendawa pocheza ndi wodwalayo. Ndipo thandizo silidikira makina. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo ambiri anapeza bwino.

Choncho aphunzitsi anzanga, mwana akasintha mwadzidzidzi, tisanamupatse chitchetcho tiyambe tamuitanira pambali n'kumufunsa chomwe chavuta. Zikapitirira masabata awiri, tiuze makolo apite naye kuchipatala, chifukwa ena amafika podzipha ife tili kalikiliki kuwakalipira.

Mnyamata uja anabwereza Fomu 3, ndipo MSCE anakhoza bwino. Ndinamupepesa, koma mochedwa.