Digiri ya malamulo si umboni wa chilungamo

Amalawi anzanga, tisamanamizane. Pulofesa Peter Mutharika anaphunzira malamulo ku London ndi ku Yale, naphunzitsa zaka zoposa 30 ku Washington University ku America. Za ufulu wa mphunzitsi m'kalasi palibe angawauze.

Nanga anali kuti mu February 2011, pamene mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitana Dr Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College kukawafunsa za zimene anaphunzitsa? Anali nduna ya maphunziro! Aphunzitsi ananyanyala ntchito pokana akazitape m'kalasi. Anayi anachotsedwa, mmodzi mwa iwo Garton Kamchedzera, mphunzitsi wa malamulo ngati iwo omwe. Maphunziro anaima pafupifupi miyezi 8, nduna osaimirira anzake.

Analira ndani? Mwana wa mlimi wa ku Wenya, amene makolo ake anagulitsa chimanga ndi mbuzi kuti akafike ku Zomba.

Inu amene munabwerako ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam, izi mukuzidziwa. Kamuzu ndiye anali Chansala pamene Jack Mapanje anagwidwa mu 1987 n'kutsekeredwa ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Mu 2014 a Mutharika atapambana upulezidenti, analandiranso uchansala wa yunivesite yomweyo.

Tsono vuto ndi mpandowo. Wolamula apolisi sangateteze mphunzitsi kwa apolisi, ngakhale atakhala ndi madigiri odzaza dengu. Aphungu athu, thetsani mwambo wopatsa Pulezidenti uchansala. Matipate sitinavotere zimenezi mu 1993.