"Limited" si suti yovala pa chinkhoswe

Ndatopa nawo malangizo omwe afala m'masemina a achinyamata ndi m'magulu athu a pa WhatsApp, akuti aliyense woyamba bizinesi athamangire kulembetsa kampani ya "Limited". Ati dzina likathera ndi mawu amenewa, makasitomala amakupatsa ulemu. Ndiye mnyamata wogulitsa mazira ku Zomba, mpamba wake wosakwana n'kugula njinga yamoto komwe, akudzitcha Managing Director. Zabwino zonse, bwana. Koma wokulangizaniyo anakuuzani za katundu amene mwasenza?

Pamaso pa malamulo, kampani ndi munthu payekha. Companies Act ya 2013 imalola ngakhale munthu mmodzi kutsegula kampani, koma ikabadwa imafuna chisamaliro ngati khanda. Chaka ndi chaka muyenera kupereka annual return ku kaundula wa makampani ndi kusunga mabuku a ndalama olongosoka, malonda ayende asayende. Ndalama za mu akaunti yake si zanu. Mukatapamo kuti mulipire lendi ya kunyumba kwanu, mwatapa m'thumba la eni. MRA nayo imadula 30 peresenti ya phindu la kampani kuyambira pa kwacha yoyamba, ndipo mukadzigawira phindu lotsalalo ngati dividendi, pali msonkho winanso. Amene wangolembetsa dzina la bizinesi pansi pa Business Registration Act ya 2012 amakhoma msonkho ngati munthu wamba, ndipo gawo loyamba la zomwe wapeza silidulidwa kanthu. TPIN amapeza, akaunti ya bizinesi kubanki amatsegula.

Ena andiyankha kuti "Limited" imateteza katundu wako bizinesi ikagwa m'ngongole. Nzoona, ndipo chifukwa chomveka n'chomwechi basi. Koma pitani kubanki ndi kampani ya miyezi itatu yopanda ngakhale desiki. Adzakuuzani kuti musainire kuti kampani ikalephera mudzabweza ndinu, kapena mupereke chikole chanuchanu. Mukangosaina, mpanda uja wagwa. Mwalipira mlonda wolondera nyumba yopanda chitseko.

Chomwe chimandipweteka mutu n'chakuti amene akufunikadi kampani ndi omwe sailabadira. Anthu atatu omwe anali kalasi imodzi asonkha ndalama, ayamba kuweta nkhuku, alembetsa dzina limodzi chifukwa n'zotchipa, ndipo palibe cholembedwa chilichonse poti "ndife abale". Imeneyo ndi partnership, mufune musafune. Mmodzi akakatenga chakudya cha nkhuku pa ngongole m'dzina la bizinesi, ngongoleyo ndi ya nonse, ndipo mwini ndalama akhoza kulondola amene ali ndi firiji ndi laputopu, ngakhale iyeyo sanadziwe n'komwe za ngongoleyo. Apa ndiye pofunika kampani: masheya alembedwe, aliyense adziwe gawo lake, zidziwikiretu kuti wina akafuna kuchoka kapena akamwalira zidzatha bwanji. N'chimodzimodzinso ngati pali munthu wofuna kuikamo ndalama zake, chifukwa bizinesi ya dzina chabe ilibe masheya oti mumugulitse.

Koma inu amene muli nokha, mukusoka madiresi kapena kujambula zithunzi pa maukwati, lembetsani dzina, tengani TPIN, yambani ntchito. Kampani mudzatsegula chaka chomwe mudzapeze mnzanu wogawana naye masheya. Ndalama zomwe mukanapatsa wokulemberani mapepala a kampani, kaguleni nsalu.