Tsiku Limene Tinakaona Oimba ndi Maso Athu

Mwezi uno tifuna kukamba za mlandu umene umabuka m'makomo ambiri kuno kwa Kaluluma fodya akachoka m'zigafa. Msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa, kaŵirikaŵiri m'mwezi wa Epulo, ndalama zimayamba kuoneka m'matumba, ndipo oimba a m'mizinda, amene amaidziŵa bwino nyengo ya mlimi, amayamba kuyenda mu msewu wa M1 ndi zoimbira zao. Mapepala olengeza amamatidwa pa mitengo ndi pa makoma a magolosale ku Nkhamenya, ndipo madzulo ake mwana amakhala pansi mwaulemu nati, "Bambo, ndimapempha ndalama yoloŵera pakhomo." Ambiri a ife timakana tisanamve n'komwe, ndipo mwanayo amapitabe, koma potulukira pa zenera ife tili m'tulo.

Ifenso tinali m'gulu la okanawo, kufikira tsiku limene mzime wathu anatifunsa mofatsa kuti, "Kodi inu Bambo, pa unyamata wanu munalibe woimba amene munkamukonda?" Tinasoŵa choyankha, pakuti tinali naye. Popeza kuno tayandikana ndi malire a Zambia, usiku tinkatchera wailesi ya kumeneko ndi kumvera Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family. Iye ankaimba nyimbo za rock, zina m'Chinyanja, ndipo gitala lake linkalira mokalipa ngati khasu pa mwala wonolera. Chimbale chake chotchedwa 45,000 Volts chinatuluka mu 1977. Ife ndi anzathu tinkapangana chaka ndi chaka kuti fodya akadzagulidwa bwino tidzapita ku Lusaka kukamuona. Tikali kuzengereza chomwecho, mu 1989 tinamva kuti wamwalira ali ndi zaka 40. Akulu sananame ponena kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Chifukwa cha ichi tinamuuza mnyamatayo kuti apita, koma apita nafe. Gulu limene iye amalikonda ndi Black Missionaries la ku Chileka, limene achinyamata amangoti Ma Blacks, ndipo limaimba nyimbo za reggae. Analiyambitsa ndi Evison Matafale, amene anamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe m'mwezi wa Novembala 2001. Ng'oma yolira bwino sichedwa kusweka. Abale ake a banja la Fumulani, ana a woimba wakale uja Robert Fumulani, anaitola ntchitoyo. Musamude, amene anatsogolera kuimba pambuyo pa Matafale, nayenso anatisiya mu 2007, ndipo Anjiru analoŵa m'malo mwake, mbale wao Chizondi ali pa limba. Zimbale zao zakhala zikutuluka ndi dzina limodzi lomwelo la Kuimba, nambala yokha ndiyo imasintha.

Tinanyamuka Loŵeruka masana pa minibasi kupita ku boma la Kasungu. Tinafika dzuŵa likalipo, anyamata akutsitsa mabokosi a zokuzira mau m'galimoto ndi kulumikiza nthambo. Wina ankaguguda ng'oma imodzi mobwerezabwereza, mnzake akupotokola timabatani kufikira kulira kwake kutakhala bwino. Pamenepo tinayamba kuzindikira kuti nyimbo imene timaimva pa wailesi kwa mphindi zisanu ili ndi ntchito yake yobisika, monga belo la fodya lili ndi nazale, kupalira, kuthyola, kusoka ndi kusankha kumene wogula sakuona.

Oimbawo atakwera pa nsanja, chinthu choyamba kutidabwitsa chinali chakuti ndi anthu wamba, a msinkhu wonga wathu, otuluka thukuta monga ife. Chachiŵiri chinali gitala lalikulu la besi. Wailesi imalipereka ku khutu lokha, koma pamenepo linkagunda m'chifuwa ndi m'mapazi, kotero kuti ngakhale ife a maondo oŵaŵa tinapezeka tikugwedezeka osadziŵa. Tinaonanso mmene amalankhulirana ndi maso: wotsogolera akangocheuka, wang'oma amadziŵa kuti nyimbo italike kapena ithe. Nyimbo zimene tinkaziyesa zomangika ngati za m'buku zinkatambasuka ndi kufupika malinga ndi mmene anthu akuzilandirira.

Koma chimene sitidzaiŵala chinachitika pakati pa nyimbo ina ya Matafale. Magetsi anazima mwadzidzidzi, zokuzira mau zonse zinati zii. Ife tinagwira thumba la malaya ndi kuyang'ana kumene kuli khomo, poganiza kuti chipoloŵe chayandikira. M'malo mwake wang'oma anapitiriza kuguguda mu mdimamo, ndipo khamu lonse linainyamula nyimboyo ndi pakamwa, osaphonya liu. Waganyu ndi mwini esiteti, mphunzitsi ndi wakabaza, onse ankaimba ndi mpweya umodzi mau a munthu amene ambiri a iwo sanamuonepo. Pambali pathu mwana wathu, amene kunyumba timamuyesa wosalankhula, ankaimba maso ali otseka. Pamene jenereta inalira ndi magetsi kubwerera, tinali titadziŵa za mwana wathu chinthu chimene zaka zonsezi tinkachidutsa pakhomo pathu pomwe.

Tisanamizane, aŵerengi, malo otere ali ndi minga yake. Tinaona amuna a ndevu zao akumwaza ndalama za fodya pa moŵa, pamene ngongole ya feteleza ikuŵadikira kunyumba. Tinamva fungo la chamba m'ngodya zina. Tinaona atsikana aang'ono akukokedwa dzanja ndi anthu oyenera kukhala atate ao, ndipo mai wina ankalira foni yake itasololedwa. Nkhaŵa za makolo sizichokera pachabe. Koma zoopsa zimenezi zimamgwera kwambiri mwana amene wapita mozemba, wopanda wamkulu, wopanda ndalama yobwerera, ndiponso woopa kunena kunyumba chimene chamuonekera.

Tsono malangizo athu ndi aŵa. Ngongole zibwezedwe, chimanga cha chaka chikhale m'nkhokwe, fizi ya ana ipatulidwe, ndipo chotsalacho banja likambirane poyera. Ngati oimba amene mwana amaŵakonda afika pafupi, bambo, mai kapena malume apite naye. Musankhe zoimba zoyamba masana ngati zilipo, mupangane nthaŵi yobwerera musanachoke pakhomo, ndipo ndalama ya ulendo isungidwe payokha. Mukabwerera mufunsane za mau a nyimbozo, pakuti zina zimakamba za umphaŵi, chilungamo ndi imfa, zinthu zimene mwana sangayambe yekha kuzikamba ndi kholo lake.

Pobwerera usiku umenewo, tikuyenda kuchokera pa msewu kuloŵera kumudzi, mnyamatayo anatulutsa foni yake, nafufuza kanthaŵi, ndipo mwadzidzidzi gitala la Paul Ngozi linalira pakati pa minda ya fodya yokololedwa. "Ndi ameneyu, Bambo?" Tinavomera ndi mutu, pakuti pakhosi panali patatseka. Iye anamvetsera mpaka kumapeto, nati, "Mukanapita." Tinamuyankha kuti ndi chifukwa chake lero tinapita.

Tikumanenso mwezi wa maŵa.