Mphunzitsi wa Oyendetsa Galimoto: Nchito Yofuna Wodekha

Nthawi yogulitsa mbeu ikafika, mabanja ambiri a ku Chipata, Chadiza, Katete ndi Lundazi amakhala pansi kukambirana za mwana amene anatsiriza Geredi 12 koma akali pakhomo. Kawiri-kawiri mau amene amamveka ndi akuti, "Apite ku tauni akaphunzire galimoto." Ndalama za fodya kapena za soya zimapatulidwa, pena ng'ombe imagulitsidwa, mwana nanyamuka. Koma ndi makolo owerengeka amene amafunsa za munthu amene adzakhala pambali pa mwanayo m'galimoto ndi kumuphunzitsa. Kuphunzitsako nakonso ndi nchito payokha, ya malamulo ake, imene mnyamata kapena mtsikana wa kumudzi angathe kuiphunzira ndi kudyerapo.

Kale njira inali ina. Mnyamata anali kuyamba ngati lole boyi: kukweza matumba, kutsuka galimoto, kuika mwala kumbuyo kwa tayala pa citunda. Patapita zaka, dalaivala akakondwera naye anali kumulola kugwira ciongolero pa mseu wopanda anthu. Ena mwa akulu-akulu amene anayendetsa malole ndi mabasi a UBZ, kampani ija inatsekedwa mu 1995, anaphunzira motero, ndipo ambiri anali akatswiri. Cobvuta cinali cakuti mnyamatayo anali kutengera zonse za bwana wake, zabwino ndi zoipa zomwe. Ngati bwana anali ndi cizolowezi cotsika phiri atacotsa giya kuti asunge mafuta, nayenso anali kukula akuyesa kuti imeneyo ndiyo nzeru.

Lamulo la pa mseu la 2002, lochedwa Road Traffic Act, ndilo linakhazikitsa bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene anthu amangoti RTSA. Bungweli ndilo limapereka malaisensi a oyendetsa galimoto, komanso ndilo limalembetsa masukulu ophunzitsa kuyendetsa ndi aphunzitsi ake. Munthu saloledwa kuphunzitsa anthu molandira malipiro ngati alibe laisensi ya uphunzitsi, ngakhale atayendetsa galimoto zaka makumi awiri popanda ngozi. Sukulu nayo iri ndi laisensi yake-yake. Motero kholo limene likukalipira ndalama liri ndi ufulu wofunsa kuti lione mapepala onse awiri, ndipo sukulu yoongoka sikwiya ndi funso lotere.

Wofuna nchitoyi ayenera kuyamba pamene amayambira wina aliyense. Apite ndi citupa cake ca NRC, akapimidwe kwa dokotala maka-maka maso, alembe mayeso a malamulo ndi zizindikiro za pa mseu, napatsidwe laisensi yoyembekezera. Ndi laisensi imeneyo amaphunzira m'galimoto yokhala ndi cilembo ca L kutsogolo ndi kumbuyo, pambali pake pali munthu wa laisensi yeni-yeni, kufikira atapambana mayeso a pa mseu. Akatero wangokhala dalaivala cabe. Payenera kupita nthawi akuyendetsa, usana ndi usiku, m'dzinja ndi m'cilimwe, asanapite ku ofesi ya RTSA kukapempha laisensi ya uphunzitsi. Kumeneko amafuna kukhutira kuti munthuyo adziwadi nchito ndiponso kuti ndi wa makhalidwe oyenera. Saphunzitsa galimoto ya gulu limene iye mwini alibe laisensi yake: wa laisensi ya gulu B, ya magalimoto ang'ono, sangaphunzitse lole. Ofuna za malole ndi mabasi ambiri amapita ku Lusaka, kumene kuli Industrial Training Centre.

Kudziwa kuyendetsa ndi kudziwa kuphunzitsa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo apa mpamene madalaivala ambiri abwino amagwera. Munthu amene wayendetsa zaka zambiri saganizanso za kilachi. Phazi limacita lokha. Akafunsidwa kuti alongosole, amangoti, "Uzimva cabe." Mau otere sathandiza mai wa zaka 40 amene sanagwirepo ciongolero cibadwire. Mphunzitsi ayenera kuiphwanya nchitoyo m'zidutswa, cimodzi-cimodzi: kukhala bwino pa mpando, kukonza magalasi, kumanga lamba, kuona ngati handibuleki yagwira ndi giya iri pakati, injini isanalizidwe. Ayenera kulankhula nthawi ikalipo, cifukwa kunena kuti "khota" galimoto itafika kale pa mphambano ndiko kugwetsa wophunzira m'ngalande. Maso ake amakhala ku mseu, ku galasi ndi ku mapazi a wophunzira nthawi imodzi. Galimoto yabwino yophunzitsira imakhala ndi buleki yaciwiri ku mbali ya mphunzitsi, koma kuiponda msanga kumalanda wophunzira mpata wodziongola yekha, ndipo kuiponda mocedwa aliyense adziwa zotsatira zake.

Ndiye pali nkhani ya mtima. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Wophunzira adzazimitsa injini kasanu pa citunda cimodzi, a kumbuyo akuliza mahutala. Mphunzitsi wokalipa amangoonjezera mantha, ndipo munthu wa mantha amaponda mafuta m'malo mwa buleki. Ophunzira ena ndi akulu msinkhu, ena ndi mabwana a m'maofesi, ena sadziwa Cingerezi, cotero kuti malamulo khumi a kayendetsedwe kabwino amene ophunzira amaloweza pamtima ayenera kuwamasulira m'Cinyanja comveka. Kuloweza kokha ndi kwa cinkhwe.

Masamu pang'ono afunikanso. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupi-fupi 17 pa sekondi imodzi. Pa makilomita 100 imayenda mamita 28. Sekondi imeneyo ndiyo imatha dalaivala ataona mwana pa mseu koma phazi lisanafike pa buleki. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto imakwakwaza buleki itagwira umawirikiza kanai. Mphunzitsi wanzeru amatsika ndi wophunzira wake, nayenda naye mapazi mpaka mamita 28 atakwana, kuti aone ndi maso kutalika kwake.

Miseu ya kuno iri ndi mayeso ake amene buku silingawalongosole mokwanira. Chipata, imene inasiya dzina la Fort Jameson mu 1967 nikhala mzinda mu 2017, ndi kwao kwa njinga. M'zaka za m'ma 1980 munali ndi fakitale yake ya njinga, Luangwa Industries. Ku Kapata ndi ku Down Shops wophunzira amakumana ndi njinga zonyamula makala, anthu, ngakhale mbuzi, ndipo tsopano zaonjezekapo njinga zamoto zimene zimatulukira mbali iriyonse. Kunja kwa tauni kuli cikocikale copanda nyali madzulo, ng'ombe zodutsa, ndi ana a sukulu m'mbali mwa tala. Mseu waukulu wa Great East Road, wa makilomita oposa 550 kucokera ku Lusaka, uli ndi mapiri ndi makona pakati pa mlatho wa Luangwa ndi Nyimba, kumene wotsika ndi buleki yokha osagwiritsa giya amaotcha mabuleki ake. Malole akulu opita ku cipata ca Mwami, kumene ofesi imodzi ya maiko awiri inatsegulidwa mu December 2022, amadutsa m'kati mweni-mweni mwa mzinda. Pa Nc'wala ku Mtenguleni mu February, ndi pa Kulamba ku Mkaika mu August, mseu umadzaza ndi anthu a pansi. Mphunzitsi amene amangozungulitsa ophunzira pa bwalo la mpira, nawaloweza njira imene mayeso amapitamo, walandira ndalama za nchito imene sanaigwire.

Ciyeso cacikulu pa nchitoyi ndi ndalama ya m'manja. Adzabwera wophunzira wothamangira nchito imene wailonjezedwa, nati, "Aphunzitsi, tandithandizani, zinthu zifulumire." Kupereka kapena kulandira ciphuphu ndi mlandu, ndipo kungatayitse munthu laisensi yake. Koma coopsa coposa ndi ici: bungwe la World Health Organization linanena mu 2023 kuti anthu pafupi-fupi 1.19 miliyoni amafa pa miseu ya dziko lapansi caka ciri conse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, a pa njinga ndi a pa njinga zamoto. Kuno kwao kwa njinga, amenewo ndi anthu a m'midzi yomweyi, opita ku msika ndi ku cigayo.

Za malipiro, banja lisayembekezere cuma ca msanga. Mphunzitsi watsopano amayamba ndi kulembedwa pa sukulu ya wina, ndipo ophunzira amaculuka anthu akagulitsa mbeu, nacepa m'miyezi ya njala. Wofuna kutsegula sukulu yake afunika galimoto yabwino, inshuwalansi, cipinda cophunziriramo ndi laisensi ya sukulu, osaiwala kuti kilachi ya galimoto yophunzitsira imatha msanga koposa ya galimoto ina iriyonse. Atsikana asaione ngati nchito ya amuna okha: lamulo silisankha, ndipo amai ambiri ofuna kuphunzira amamasuka akakhala pambali pa mkazi mnzao.