Nkhuku ili pa pepala, mu mphika muli madzi

Kuzizira kwa kuno ku Kabwazi kunandithamangitsira ku golosale kukagula kapaketi ka noodles, chakudya chimene chinandisunga ku yunivesite ndisanaisiye panjira. Pa pepala lake ajambulapo ntchafu ya nkhuku, dzira ndi karoti. Mukang'amba mupezamo tizingwe touma ndi kaufa ka mchere basi. Agogo anga atalawa msuziwo anafunsa kuti, "Nanga nkhukuyo wadya ndani?" Funso limeneli anthu a ku Soviet Union analifunsa zaka zambiri, mpaka dziko lawo linaphwasuka mu 1991.

Tamverani izi. Noodles za mu paketi anayamba kuzipanga ndi Momofuku Ando wa ku Japan mu 1958. Chaka chomwecho ku China, boma la Mao linalamula anthu akumidzi kusiya kuphika m'makomo, onse azidyera pa khitchini imodzi. Mapoto awo ena anawasungunula pofuna chitsulo. Poyamba anthu anadya mpaka kumasula malamba. Kenako phala linayamba kusanduka madzi, ndipo pofika 1961 njala inali itapha anthu mamiliyoni ambirimbiri. Amene sanaonde ndi wogwira chipande, poti pogawira abale ake amavuulira pansi.

Nawo anansi athu ku Mozambique anaulawa msuziwu. Frelimo inalengeza chikomyunizimu mu 1977, nkumasonkhanitsa alimi m'midzi ya boma, koma mu 1989 inachitaya yokha.

Mwina mukuti ife Amalawi tinapulumuka, poti Kamuzu amadana ndi chikomyunizimu, anzake anali Taiwan ndi azungu a ku South Africa. Zoona, pepala linali lina. Koma tayang'anani mu mphikamo! Wophika mmodzi. Khadi la chipani pachipata cha msika, ayufi ataima pomwepo. Mtengo wa mbewu zanu akukuuzani ndi ADMARC. Wonena kuti mchere wachepa amakagona ku Mikuyu, ndipo monga noodles, ukakoka chingwe chimodzi zimabwera zonse: munthu akamangidwa, ngakhale abale ake amatha kuchotsedwa ntchito.

Pa riferendamu ya pa 14 June 1993, anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali ya matipate. Kuno ku chigawo chapakati ambiri anavotera tambala wakuda, agogo anga omwe. Amati mphika wozolowera sutaya. Sindiwanyoza.

Changa nchakuti ophika achuluka, koma ojambula mapepala ndi omwe aja. Chisankho chilichonse amabwera pa msonkhano ndi kabuku ka malonjezo kokhala ndi misewu ya phula ndi feteleza wotchipa, ati zipsa m'mphindi ziwiri. Tsopano tingathe kufunsa za nkhuku ija osaopa kumangidwa, ndipo tiyenera kufunsa mokweza, phungu ali pomwepo.

Agogo anakankhira mbale ija kwa ine, nkundituma kuti ndikawatenthetsere nyemba za dzulo.